A Lufeyo Osoka Matumba

Amalume anga a Lufeyo Mbewe ankadana ndi mpando. Mukawaona akubwera ndi ndodo yawo, mwendo wakumanzere akuchita kuukoka, inu n'kuthamangira m'nyumba kukatenga mpando monga mwa ulemu wathu, mwaputa mlandu. Ankauyang'ana mpandowo ngati mwawaikira mbale ya galu, kenaka n'kukatsamira khoma kapena mtengo, n'kunena zimene abwerera ali chiimire. Osawadziwa ankati ndi mwano. Ife a m'banja tinkadziwa kuti chiuno chawo sichinkawalola kukhala pansi nthawi yaitali, komanso tinkadziwa kuti nkhani sinali ya chiuno chokha. Iwo ankati mipando yonse imene anapatsidwa chivulalireni ikanakhala ntchito, bwenzi ali bwana wa boma lonse la Katete.

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni. Ndinkayesa kuti pofika pano chotsala chidzakhala chisoni chokha, koma chimene chandikanirira mumtima ndi mkwiyo. Ndimakwiyira msuweni wanga Yosefe, mwana wawo woyamba, amene ndi mphunzitsi ku Katete. Ndimakwiyira anthu a kumudzi kwathu, kufupi ndi Mkaika, anthu aulemu ndi opemphera. Masiku ena ndimakwiyira amalume eni akewo, chifukwa kunena zoona nawonso sanali munthu wophweka kukhala naye.

Zaka zawo zomaliza anakhala kwathu ku Vubwi, kumene mayi anga, mlongo wawo, anakwatiwa. Pakhomo panalibe chimene chinkachitika bwino m'maso mwawo. Mbuzi tinkamanga molakwika, mizere ya m'munda inali yokhota, nkhokwe ya malemu bambo anga ankati inalukidwa ndi munthu amene anali ndi ulendo. Mukawapatsa moni wam'mawa ndi mawu achifundo, aja otsitsa mutu, ankakufunsani ngati mwaona mtembo. Ankafuna moni wamba, wonga umene mumapatsa munthu amene mukumudziwa kuti akuchedwa kwinakwake.

Ululu wa m'chiunowo anaupatsa dzina. Popeza akazi awo anali atamwalira kale, ankati anakwatiranso, ndipo mkazi wachiwiriyu ndi wansanje, sawasiya kupita okha ngakhale kuchimbudzi. Kukazizira m'mwezi wa Juni, kapena mitambo ikayamba kusonkhana, ankangotiuza kuti mayi a kunyumba adzuka ndi ukali lero. Tinkaseka, iwonso n'kuseka, koma thukuta lili kamukamu pamphumi kunja kukuzizira. Mayi anga akawathowa ndi madzi otentha ankalumira chitenje kuti asabuule. Mkangano wawo wa tsiku ndi tsiku unali wa mankhwala. Mayi ankafuna kuti mchimwene wawo amwe mapilisi m'mawa, amalume ankakana kuti amawaledzeretsa ndipo munthu wogwira singano yosokera matumba, imene inali ntchito yawo nthawi imeneyo, sayenera kusinza. Ankamwa akaweruka, ndipo mayi ankawatcha nkhutukumve mpaka chakudya chitafika.

Asanavulale anali munthu wa ngolo. Anali ndi ng'ombe ziwiri, Kapiteni ndi Jelasi, zimene ankalankhula nazo mwaulemu kuposa mmene ankalankhulira ndi anthu. Kuyambira kumudzi kwathu ku Mkaika mpaka kumidzi ya ku Sinda, panalibe chimene ngolo imeneyo sinanyamule: mabelo a thonje, njerwa, mchenga, manyowa, mayi wapakati wothamangira kuchipatala, bokosi la maliro. Yosefe ndi abale ake anaphunzira sukulu ndi ngolo imeneyo. Tsiku lina akutsetsereka kukawoloka kamtsinje, atadzaza thonje mpaka pamwamba, gudumu linalowa m'chigwembe chimene mvula inakumba, ngolo n'kupendeka n'kuwapsinja. Chakudza sichiimba ng'oma. Anagona kuchipatala miyezi ingapo, anawaika chitsulo m'chiuno, ndipo anatuluka akuyenda, chinthu chimene ambiri sankayembekeza. Atafika kumudzi anapeza khola lili pululu. Ana anali atagulitsa ng'ombe ndi ngolo yomwe, kuti bambo awo asadzayesenso.

Amalume sanalimbane nazo kwambiri za ng'ombezo. Ankadziwa okha kuti kukweza goli sangathenso. Ankati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo iwo manja anali nawo awiri, maso akuona, mutu uli bwino. Anayamba kufunafuna ntchito imene munthu angagwire osanyamula katundu.

Anayamba ndi pa boma. Anapita kwa mwenye wina wa sitolo ya zitsulo amene ankafuna mlonda. Mnyamata woyang'anira sitoloyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kundodo.

"Mudala, nchito iyi ifuna munthu wamene angathamange. Kawalala akabwera imwe muzachita bwanji?"

Amalume anamuyankha kuti chibadwire chawo sanaonepo mlonda akuthamangira kumene kuli wakuba, onse amathamangira kwina, ndiye kuli bwino kulemba munthu amene sangathe kuthawa. Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira pamimba, anawagulira botolo la chakumwa, koma ntchito sanawapatse. Kuchigayo anawauza kuti fumbi liwadwalitsa. Kwa ogula thonje anawauza kuti abwere sabata yamawa, ndipo sabata yamawayo anaitsatira mpaka msika unatsekedwa.

Atatopa ndi pa boma anabwerera kumudzi, kumene aliyense ankawadziwa, ndipo anatsika mpaka pa ganyu. Sankapempha kulima. Ankapempha zimene amagwira amayi okalamba ndi ana: kuthothola nsawa, kutonola chimanga, kusankha thonje. Apa ndi pamene pamandiwawa ine. Nyumba iliyonse imene anafika anawalandira ngati mfumu. Mpando unkatuluka, madzi akumwa ankabwera mogwada, mwini nyumba n'kufotokoza modandaula kuti ntchito yangotha dzulo lomweli, kapena kuti alonjeza kale munthu wina. Potsanzika ankawapatsa nkhuku, kapena lichero la nsawa zomwe zija anapempha kuti athothole. Ankabwerera kunyumba atanyamula mphatso, nkhope ili gwa. Zinatero nyengo yokolola yathunthu, ndi inanso.

Amene anaulula anali mkazi wa a Sakala, mayi wosadziwa kubisa mawu. Amalume anafika pakhomopo amuna awo kulibe, mulu wa nsawa uli pabwalo wofika m'chiuno, wosathothola. Apa panalibe ponamizira. Mayiyo anayang'ana muluwo, n'kuyang'ana amalume, n'kugwada.

"A Mbewe, ife tilibe mawu. Aphunzitsi anayenda nyumba ndi nyumba kutipempha kuti tisakupatseni ganyu. Akuti anthu aziti ana anu anakutayani."

Ndiyenera kumunenera chilungamo Yosefe, ngakhale sindikufuna. Sanachite zimenezi chifukwa cha nkhanza. Bambo ake ankawakonda, ndipo shuga, sopo, mabulangete ndi mankhwala sizinkasowa m'nyumba mwawo. Koma kwathu kuno, bambo wa mphunzitsi, amenenso ndi mkulu wa mpingo, akaoneka atakhala pabwalo la munthu wina akuthothola nsawa za ganyu, amene amanyozeka si bamboyo. Anthu amaloza ana. Yosefe anaopa chala chimenecho kuposa china chilichonse, ndipo mudzi wonse unamumvetsa, n'chifukwa chake unamvera. Onse anagwirizana kuwalemekeza amalume, ndipo panalibe mmodzi amene anawafunsa ngati ulemu wotero akuufuna.

Tsiku lomwelo amalume anatsegula khola la nkhuku. Zonse zimene anapatsidwa, zimene zinali zisanadyedwe, anazibweza kwa eni ake imodziimodzi, atazipanira m'khwapa, akutsimphina mudzi wonse. Sanakalipe. Ankangoti nkhukuyi inasochera, n'kuisiya pakhonde.

Zimene anachita Loweruka lotsatira ndinazimva kwa iwo eni, ndinazimvanso kwa Yosefe, ndipo nkhani ziwirizi zimasiyana pena ndi pena, koma pa mbale zimagwirizana. Kunali kutha kwa mwezi, tsiku limene aphunzitsi ndi antchito a boma amadzaza pa Katete kugula zinthu. Amalume anavala jekete yawo ya ku tchalitchi, anapukuta nsapato, anakwera njinga ya hayala mpaka pamsika. Anasankha khonde la sitolo loyang'ana pamene pamaima maminibasi a ku Chipata, anayala thumba, anakhala pansi movutikira atatambasula mwendo, n'kuika mbale yachitsulo patsogolo pawo. Sanaimbe, sanaitane munthu. Anangokhala, tayi ili pakhosi.

Sipanatenge nthawi. Pa Katete anthu amadziwana, ndipo uthenga unamupeza Yosefe ali pamzere wa kubanki. Anafika akuthamanga, anthu atazungulira kale, ena mwa iwo makolo a ana ake a sukulu. Anagwada pafumbi ndi buluku lake labwino.

"Atate, mukundivula pagulu. Chimene mukusowa n'chiyani?"

"Palibe chimene ndikusowa. Wanditsekera ganyu, ndiye ndabwera kuntchito imene yatsala. Sankha wekha, ukhale mwana wa waganyu kapena mwana wa wopemphetsa."

Yosefe analira pamenepo, ndipo analonjeza kuti akamasula mawu ake kumudzi. Amalume anamulola kuti awadzutse, chifukwa paokha sakanatha. Asanachoke anatenga mbale ija n'kukakhuthulira zonse zimene anthu anaponyamo m'chipewa cha bambo wina wosaona amene ankakhala pakhonde lomwelo masiku onse, n'kumupepesa kuti amulanda malo kwa theka la tsiku.

Munthu angayembekeze kuti nkhani inathera pomwepo, koma ayi. Yosefe anasungadi lonjezo, anayendanso nyumba ndi nyumba. Koma tsopano anthu anali ndi mantha ena. Ankati ndani alowe pakati pa bambo ndi mwana wake, mawa akadzagwirizana woipa adzakhala iwe. Ena ankati mkulu ameneyu akadzagwa pabwalo pako uli ndi mlandu wosatha. Mipando inapitiriza kutuluka. Chimene chinasintha n'chakuti nkhuku analeka kuwapatsa.

Ndi mmene anatulukira kwathu ku Vubwi, pa lole yodzera ku Chadiza, ndi kachikwama kamodzi. Anauza mayi anga kuti abwera kudzawaona masiku owerengeka. Amati mlendo ndi mame, koma mame amenewa sanakamuke mpaka imfa. Chimene anadzera chinali chakuti kuno kunalibe amene ankadziwa kuti ali ndi mwana mphunzitsi.

Pamsika wathu pali shedi ya Mayi Daka, amene amagula soya, nsawa ndi chimanga kwa alimi a kuno ndi ochokera kutsidya, ku Malawi ndi ku Mozambiki. Ndi mayi wamkamwa mwaukali, woti anyamata onyamula matumba amamuopa kuposa apolisi. Amalume anaima pakhomo la shediyo m'mawa wina n'kuona matumba odzaza ali yasa, anyamata akusoka mothamanga, mbewu zikutayikira m'mbali. Anapempha ntchito yosoka. Mayi Daka sanawapatse mpando. Sanafunse za mwendo, kapena za ana. Anafunsa ngati amadziwa kusoka thumba, ndi ngati adzabwera m'mawa uliwonse. Amalume anati kusoka amadziwa, anasoka mabelo a thonje moyo wawo wonse, koma alipo masiku amene thupi limakana, ndipo masiku otero adzatumiza uthenga. Mayi Daka anati tsiku lotero sadzawalipira. Amalume anabwera kunyumba akumwetulira, ndipo kanali koyamba kuti ine ndione mano awo onse.

Popeza sankatha kukhala nthawi yaitali, ndiponso sankatha kuima nthawi yaitali, anadzipangira pogwirira ntchito. Anapeza thabwa lalikulu, analitsamiritsa kukhoma la shedi mopendeka, analikhomera kamtengo kopingasa pamene pamafika matako, n'kukulungapo matumba akale. Ankagwira ntchito atatsamira pamenepo, osakhala, osaima, anyamata n'kumawakokera matumba pafupi. Pamsika ponse anayamba kudziwika kuti a Matumba, ndipo alimi ankabwera ndi matumba awo obooka kuti awaike zigamba. Ankawakalipira alimiwo chifukwa chosunga matumba pamene pali makoswe, koma ankasoka.

Tsiku limene anasangalala koposa ndi limene anakalipiridwa. Thumba lina limene anasoka linaphulika pokweza pa lole, soya n'kumwazika pansi. Mayi Daka anawazazira pamaso pa anthu onse, kuti ngati manja ayamba kufooka anene, asawaonongere katundu, ndipo anawauza kuti asokenso mzere wonsewo. Mayi anga atamva anafuna kupita kukamenyana nawo. Amalume anawaletsa. Anati chivulalireni aliyense wakhala akulankhula nawo ngati dzira, lero lokha ndi pamene munthu wawakalipira ngati wantchito. Anadya bwino madzulo amenewo, mpaka anapempha ndiwo zoonjezera.

Sindinganame kuti ntchitoyo inawachiritsa. Inkawapweteka. Ankafika kunyumba milomo itauma, n'kugona chafufumimba pamkeka. Ine ndinakangana nawo kangapo, ndinkati thupi ndi lawo koma owathowa ndife. Yankho lawo linali limodzi nthawi zonse. Ankati ululu wa pakhomo ndi ululu wa kuntchito ndi umodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti kuntchito umayamba wadikira kuti thumba lithe. Yosefe atamva za shediyo anabwera kudzadandaula kwa mayi anga, koma mayi anamuuza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, awasiye bambo ake. Anabwerera, ndipo kumudzi ankauza anthu kuti atate ali kwa azakhali, akupuma.

Chinawatenga ndi chibayo, m'nyengo yozizira, msika wa soya uli pakati. Anadwala masiku ochepa. Maliro tinapita nawo kumudzi kwathu, ndipo anthu anabwera ambiri, aphunzitsi, akwaya, akuluakulu a mpingo ovala zoyera ndi zakuda. Mayi Daka anatseka shedi, chinthu chimene sachita ngakhale pa Khirisimasi, anakweza anyamata awo pa lole pamodzi ndi matumba a chimanga a chipepeso, n'kuyenda ulendo wonsewo.

Aliyense amadziwa mmene mwambo umayendera. Amalankhula a banja, iwerengedwa mbiri ya malemu, amalankhula amfumu, kenaka mpingo utenga mwambo. Koma ngati womwalirayo anali pantchito, asanalankhule amfumu amaitana akuntchito kuti anenepo mawu. Ine ndinamupeza Yosefe kuseri kwa nyumba m'mawa, n'kumuuza kuti abwana a amalume abwera, awaike pa mndandanda wa olankhula. Ndi msuweni wanga, ndili ndi ufulu womulankhula mmene ndafunira, ndipo ndinamulankhuladi. Anandigwira dzanja, maso ali ofiira ndi kulira.

"Msuweni, tisaonjezere zina. Anthu akudziwa kuti atate ankadwala. Asiye apite ndi ulemu wawo."

Mbiri inawerengedwa bwino, ndi mawu omveka. Inatchula ngolo, inatchula ngozi, kenaka inati kuyambira pamenepo malemu anakhala akusamalidwa ndi ana awo mpaka tsiku limene Ambuye anawaitana. Anthu anavomera ndi mitu. A Sakala, amene analankhula m'malo mwa mudzi, anati a Mbewe anali chitsanzo cha kulimbikira ntchito, ndipo achinyamata atengerepo phunziro. Ndinayang'ana kumene kunakhala Mayi Daka. Anali atavala chitenje chatsopano, atakhala kutsogolo kwa amayi kuti asavutike kudzuka akaitanidwa. Woyendetsa mwambo anaitana amfumu.

Pobwerera ku manda ndinawapeza ali pa lole yawo, akumanga mpango. Ndinayamba kupepesa koma anandidula.

"Sindikananena zambiri, mwana wanga. Ndikanangoti anali munthu wovuta, koma sanajombepo osatumiza uthenga, ndipo thumba lawo linaphulika kamodzi kokha."

Anakwera kutsogolo, anyamata anakwera kumbuyo, ndipo sanadikire chakudya.

Sabata yatha ndinapita kushedi kukagulitsa soya wanga. Msika wayambanso, fumbi lili koboo, sikelo ikulira, anyamata akukangana ndi alimi monga mwa masiku onse. Thabwa lija likadali potsamira pake. Matumba amene anakulungapo anang'ambika, ndipo mbali yakumanja, kumene ankaremetsa thupi pothawa mwendo wowawawo, thabwalo linasalala mpaka kuwala. Pamsomali wa pakhoma pakulendewera singano yawo yaikulu, yachita dzimbiri, kachingwe kakadali kumphuno. Amene akusoka tsopano amasoka chonyonyomala pakati pa shedi, ndipo malo a kukhomawo angosanduka poimika njinga.

Ndikudikira sikelo, panafika bambo wina wa kutsidya la Mozambiki, atamanga mpukutu wa matumba obooka panjinga. Anasuzumira kukhoma kuja, n'kufunsa ngati a Matumba sanabwere kuntchito lero. Mayi Daka anamuuza kuti anamwalira chaka chatha. Bamboyo anavula chipewa, kenaka anayang'ana mpukutu wake n'kuyamba kudandaula kuti wausunga chaka chonse kudikira mkulu ameneyo, nanga tsopano amusokera ndani, anyamata a masiku ano zigamba zawo sizifika ndi kunyumba komwe. Anadandaula ndithu, mokwiya, ngati kuti amalume amuthawa dala. Ine ndinamusiya alankhule mpaka amalize. Pa madandaulo onse amene ndamva chimwalirireni amalume, amenewa okha ndi amene akanawalandira.